Buku la Mlembi wa Mpingo wa pa Kamphasa

Chiswe chinadya masamba asanu ndi anayi oyamba,
choncho mbiri yathu imayambira pakati pa chiganizo:
"...ndipo anagwirizana kuti limu ya lole ikhale belu."
Ogwirizanawo sindiwadziwa onse.
Ndimadziwa Eliyamu Shawa,
amene anabwerera kuchokera ku migodi ya malasha
ndi chifuwa chosatha, bulangete limodzi
ndi buku la nyimbo lopanda chikuto.
Anati uko ankapemphera ndi Amethodisti,
ndipo anthu a kuno, ozolowera Adachi ndi Akatolika,
anamufunsa ngati limenelo ndi dzina la kampani.

Anayamba asanu ndi awiri, pansi pa mkuyu,
anayi mwa iwo a m'nyumba mwake momwe.
Njerwa anaumba ndi dothi la m'mbali mwa Lutembwe.
Ina pafupi ndi khomo ili ndi phazi la mbuzi mpaka lero.

Abusa sitisankha.
Kalata imabwera, ife timasesa nyumba.

Abusa Njobvu ankalalikira motalika ngati msewu wa ku Chadiza,
ana nkugona, akulu nkumayang'ana kumunda pa zenera,
koma chitsime tikumwachi anakumba ndi iwo,
atavula kolala, matope mpaka m'chiuno.

Abusa Zimba anafika m'zaka za matenda aja.
Chaka chimodzi anaika anthu makumi atatu,
ine ndikulemba maina mpaka bolopeni inauma.
Tsiku lina pochokera kumanda
anakhala pa khonde, nsapato zili m'manja,
nandifunsa, "Mlembi, tatsala angati?"
Ndinawonjezera khumi.
Bodza limenelo sindinalape.

Wina sindimutchula.
Anapita ku Chipata kukagula malata
ndi ndalama za thonje la munda wa mpingo.
Pa tsamba lake ndinalemba mawu amodzi: anasamutsidwa.
Dzinja limenelo tinkaimba titafunda masaka a feteleza,
madzi akudontha pa Masalimo.

Kenaka zaka zisanu popanda mbusa.
Lakisoni Soko wokonza njinga ankatsogolera,
zala zake zikusiya girisi pa Aroma ndi pa Yesaya.
Ankakwatitsa ndi pemphero lokha,
nkuuza awiriwo kuti pepala akatenge ku boma.
Chikho cha Mgonero chinakhala chokulungidwa m'nsalu,
ndipo ana obadwa nthawiyo anakula osabatizidwa
mpaka anadzayenda okha kubwera kutsogolo,
wina atanyamula kale mng'ono wake kumbuyo.

Abusa Zelipa Daka anabwera pa njinga yamoto,
fumbi m'nsidze, chitenje pamwamba pa thalauza.
Akulu atatu anatulutsa benchi yawo panja,
ati mkazi sangatinyemere mkate.
Iwo sanatsutsane nawo.
Anangotsegula zenera la mbali imeneyo,
nakweza mawu pang'ono.
Bambo Mvula, wamkulu wa atatuwo, atathyoka mwendo,
Abusa anakakumba nshawa zawo masiku awiri.
Benchi inabwerera m'kati Lamulungu lina
popanda woilengeza,
ndipo ine sindinalembe tsikulo, ndinaiwala.

Ali ndi mipingo inayi, kuno amafika kamodzi pa mwezi
ngati mlatho sunamire.
Mwezi watha anapempha bukuli.
Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere,
naima pa mawu aja, anasamutsidwa.
Anandiyang'ana. Ndinayang'ana malata atsopano.
Anatembenuza tsamba.

Maso anga ayamba kuchita nkhungu.
Bukuli ndimalisunga m'chitini cha mabisiketi,
pamwamba pa mtanda wa denga, kutali ndi chiswe.
Masamba oyera atsala khumi ndi awiri.
Mtsikana wa Soko amalemba bwino, ndamuona,
koma ndisanamupatse ndifuna ndimuuze
za khumi aja amene kunalibe,
chifukwa ena mwa iwo anadzabwera pambuyo pake.

Mawa ndi Lamulungu.
Wina adzamenya limu ndi bawuti yomwe ija,
ndipo ndidzawerenga mitu kuchokera kumbuyo,
monga mwa masiku onse.